Nsima ikatha musathamangire kukhala pansi: malangizo kwa mabanja a odwala shuga ku Bembeke

Munthu wa ku Bembeke akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi shuga, choncho azichita masewera olimbitsa thupi, amavomera mwaulemu koma mumtima amati, "Adokotala awa khasu salidziwa." Sindimutsutsa. Kuunda mizere pamunda wotsetsereka, kuthirira kabichi kudimba, kukwera chitunda thumba la kachewere lili pamutu, imeneyi ndi ntchito yoti anthu othamanga m'mamawa m'misewu ya ku Lilongwe sangaifike. Koma tayang'anani bwino amene akudwaladi shuga pabanja panu kapena mumphakati mwanu. Kawirikawiri si mnyamata waganyu uja. Ndi mayi wogulitsa mbatata ndi tomato pa Bembeke Turn-off, amene amakhala pansi tsiku lonse nkumadzuka pokhapokha galimoto ikaima. Ndi bambo amene munda adausiyira aganyu, ndipo ulendo uliwonse, ngakhale wa kutchalitchi, amakwera njinga yamoto ya kabaza. Ndi aphunzitsi, eni magolosale, ndi agogo amene ana awo a ku Joni adawaletsa kugwira kanthu kalikonse poganiza kuti akuwalemekeza.

Komanso khasu lili ndi nyengo yake. Kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale munthu amakhetsa thukuta, kenaka zokolola zikalowa m'nyumba, mphepo ya Juni ndi Julayi nkufika, ambiri amene alibe dimba amangosinthana pakati pa dzuwa ndi moto. Imeneyinso ndi nyengo yomwe chakudya chimachuluka, maukwati ndi zinkhoswe zili mbwee. Thupi silisunga thukuta la mu Disembala kuti likuthandizeni mu Julayi.

Kunenepa si nkhani ya m'tauni mokha ayi. Pakati pa 2013 ndi 2016 bungwe la kafukufuku la MEIRU lidayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000 m'midzi ya ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe. Kumudzi, amayi 27 pa 100 alionse adapezeka ndi thupi lopitirira muyezo, abambo 9. Ku Lilongwe adali amayi 44 ndi abambo 18. Mwa amene adawapeza ndi shuga, 4 mwa 10 alionse sankadziwa kuti akudwala.

Chomwe chimachitika m'thupi

Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, buledi, zonse zikafika m'matumbo zimasanduka shuga, shugayo nkulowa m'magazi. M'magazi ndi pongodutsa. Kumene akufunika ndi m'minofu, komwe amasanduka mphamvu. Chomulowetsa kumeneko ndi insulini, timadzi topangidwa ndi kapamba. Minofu ndiyo nkhokwe yaikulu ya shuga m'thupi: pa shuga amene insulini amachotsa m'magazi, magawo pafupifupi 8 mwa 10 amakathera m'minofu. Munthu akanenepa, makamaka mafuta akaunjikana m'mimba ndi m'chiwindi, minofu imasiya kumvera insulini. Nkhokwe ndi yodzaza kale poti mwini wake sakutapamo, khomo lakenso lalimba. Kapamba amayamba kutulutsa insulini wochuluka, amalimbikira choncho kwa zaka, mapeto ake amatopa. Shuga amangozungulira m'magazi, nkumawononga pang'onopang'ono timitsempha ta m'maso, m'impso, m'mapazi ndi mumtima. Amenewa ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, omwe ali ndi odwala shuga oposa 9 mwa 10 alionse padziko lonse.

Tsono mnofu ukamagwira ntchito umakoka shuga m'magazi pawokha, osadikira insulini. M'kati mwa mnofu muli tizinthu tonyamula shuga, tomwe akatswiri amatitcha GLUT4. Timatuluka kukatenga shuga insulini akatiitana, koma timatulukanso mnofu ukangoyamba kukungika ndi kumasuka. Njira yachiwiriyi imagwirabe ntchito ngakhale mwa munthu amene thupi lake lidasiya kale kumvera insulini. Ndipo ntchito ikatha, poti nkhokwe ija yatapidwa, minofu imapitiriza kukoka shuga kuti idzazenso, nkumamvera insulini bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri, mwina atatu. Pakatero phindulo limatha. Ndiye chifukwa chake kulima mwamphamvu Loweruka nkukhala pansi sabata yonse sikufanana ndi kuyenda pang'ono tsiku ndi tsiku. Musalole masiku opitirira awiri otsatizana kudutsa thupi lisanatenthe.

Yambani ndi mphindi 10 mukatha kudya

Mukaiwala zina zonse m'nkhani ino, gwirani ichi. Shuga amakwera kwambiri mu ola limodzi kapena awiri munthu atadya, ndipo nthawi yomweyo ndi imene ife timakonda kutsamira khoma kuti nsima itsike. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Otago ku New Zealand adayesa odwala shuga 41 m'njira ziwiri: kuyenda mphindi 30 kamodzi patsiku nthawi iliyonse, ndi kuyenda mphindi 10 akangomaliza chakudya chilichonse. Mphindi zake zidali zofanana, koma njira yachiwiri idachepetsa kukwera kwa shuga ndi magawo 12 pa 100, ndipo pa chakudya chamadzulo ndi magawo 22 pa 100.

Choncho mukasamba m'manja mutadya nkhomaliro, valani nsapato, nyamukani. Kazondeni mbuzi komwe mwazimangirira, kaoneni kudimba, perekezani mlendo mpaka kumsewu osati pachipata pokha. Vuto lili pa mgonero, pakuti ndi pomwe mitanda imachuluka, kunja kwada, kukuzizira, bulangete likuitana. Pali njira ziwiri. Phikani msanga kuti mudye kusanade, makamaka m'miyezi yozizira. Zikakanika, zungulirani pabwalo losesedwa bwino muli ndi tochi, kapena pondani pamalo amodzi m'nyumba momwemo mukukweza mawondo, wailesi ikuimba. Adzukulu adzaseka masiku oyamba, kenaka adzayamba kuchita nawo.

Liwiro loyenera mulidziwa chonchi: muzitha kulankhula ndi amene mukuyenda naye, koma mukayesa kuimba nyimbo ya kwaya mpweya uzikuperewerani. Kuyenda kwa ulendo wa kumaliro, kongokhwekhwereza mapazi, sikufika pamenepo. Bungwe la WHO m'malangizo ake a 2020 limati munthu wamkulu azichita ntchito yotere mphindi 150 mpaka 300 pasabata. Mphindi 10 katatu patsiku kwa masiku asanu zakwana kale 150.

Amene wakhala nthawi yaitali osayenda, kapena ali ndi thupi lalikulu, ayambe ndi mphindi 5 pamalo athyathyathya, nkumaonjezera pang'ono sabata iliyonse. Kuno tili pamwamba, mamita oposa 1,500, ndipo njira zambiri nzokwera ndi kutsika. Chitunda nchabwino, chimagwiritsa ntchito minofu ikuluikulu ya m'ntchafu ndi m'matako, koma chisakhale cha sabata yoyamba. Potsika ndi pamene mawondo a munthu wonenepa amavutika; tengani ndodo, fupikitsani mapazi. Wa kabaza muzimuuza akutsitseni patali pang'ono ndi kumene mukupita. Ndipo inu amene ntchito yanu njokhala pansi, pamsika, pamakina osokera, mu ofesi kapena pabawo, dzukani mphindi 30 zilizonse, yendani mphindi zitatu, bwererani.

Kuyenda kokha sikukwana. Kawiri pasabata minofu imafuna ntchito yolemera, chifukwa mnofu ukakula malo osungira shuga amakulanso, ndipo munthu akamakalamba minofu imachepa yokha ngati saigwiritsa ntchito. Zida zake zili kale pakhomo: kupopa mjigo, kusinja mumtondo, kuwaza nkhuni, kunyamula zigubu ziwiri za malita 5, china mkono uno china mkono uwo. Kwa okalamba, kukhala pampando ndi kudzuka kakhumi osagwira pena paliponse, kupuma, nkubwerezanso, ndi ntchito yokwanira. Ponyamula chinthu musabanike mpweya, tulutsani, makamaka ngati muli ndi BP. Apa ndilankhule ndi ana ndi apongozi: kuwalanda agogo tsache, khasu ndi ndowa zonse mwakamodzi si chikondi. Asiyireni kadimba ka masamba kuseri kwa nyumba. Magule nawonso amawerengedwa. Ngoma ya Angoni, chimtali, kuvina kwa amayi a kwaya, mpira wamanja, zonsezi zimatsitsa shuga mofanana ndi kuyenda, ndipo munthu sazisiya msanga poti ali pagulu.

Sikelo isakugwetseni mphwayi

Ambiri amayenda mwezi wathunthu, nkukwera pasikelo, nkupeza kuti atsika kilogalamu imodzi kapena sadatsike nkomwe, basi nkusiya. Zoona zake nzakuti kuyenda pakokha sikuondetsa kwambiri. Mu 2012 wofufuza wina, Herman Pontzer, ndi anzake adafalitsa zomwe adapeza pakati pa anthu a mtundu wa Hadza a ku Tanzania, osaka nyama ndi kukumba mizu, oyenda mitunda tsiku lililonse. Polingalira kukula kwa matupi awo, mphamvu zomwe ankagwiritsa ntchito patsiku zidali zofanana ndi za anthu a ku Ulaya ndi ku America. Thupi limadziwa kusunga kwina pamene mwawononga kwina. Komanso botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8, ndipo kuti mumuwotche muyenera kuyenda pafupifupi theka la ola.

Koma zomwe sikelo siionetsa ndi zomwe zikupulumutsa munthu. Mafuta a m'chiwindi ndi a m'kati mwa mimba, omwe ndi amene amasokoneza insulini, amachepa ngakhale kulemera kusanasinthe. BP imatsikako, tulo timabwera. Muyezo wabwino pakhomo ndi chingwe. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, ndiye muzungulize pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zikalephera kukumana, mimba yapitirira theka la msinkhu wanu, ndipo pali ntchito. Chisungeni chingwecho, muziyesa kamodzi pamwezi.

Kuti kulemera kutsike, mbale iyenera kuthandiza miyendo. Ku America kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, wofalitsidwa mu 2002, adatsata anthu 3,234 amene shuga wawo adali atayamba kukwera. Amene adalimbikitsidwa kuyenda mphindi 150 pasabata ndi kuchepetsa kulemera ndi magawo 7 pa 100 adachepetsa chiopsezo chodwala shuga ndi magawo 58 pa 100, pamene amene ankamwa mankhwala a shuga otchedwa metformin adachepetsa ndi 31. Kwa mayi wolemera makilogalamu 80, magawo 7 amenewa safika ndi makilogalamu 6 omwe. Pakhomo zikutanthauza kuchotsa mtanda umodzi, kudzaza theka la mbale ndi kabichi, mpiru kapena nkhwani, kudya nyemba kawirikawiri, ndi kusiya shuga wa mutiyi ndi muthobwa. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, koma mitanda inayi ya mgaiwa imakwezabe shuga. Kachewere wathuyu amakweza shuga msanga. Muzimudya m'malo mwa nsima, osati pamodzi ndi nsima, ndipo wophika osati tchipisi cha pachiwaya.

Pali chopinga china chomwe a chipatala sachitchula kawirikawiri. Kwathu kuno munthu akanenepa timati akudya bwino, banja lamuyanja. Akaonda anthu amayamba kunong'ona za matenda aja. Mayi angathe kusiya kuyenda chifukwa cha manong'onong'o okha. Bambo a pakhomo, apongozi ndi amayi anzake a kubanki mkhonde ndi amene angatseke pakamwa anthu, pomayenda naye limodzi ndi kunena poyera chifukwa chake. Ena mwa omwa ma ARV atsopano, omwe adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019, amanenepa; yankho lake ndi kuyenda, kusamala mbale ndi kuyezetsa shuga, osati kusiya mankhwala. Mbali inayi, odwala shuga ambiri kumudzi ndi oonda kale. Iwowa asachepetse thupi, angolimbitsa minofu. Ndipo kuonda kodzidzimutsa kobwera ndi ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi si phindu la masewera ayi, ndi shuga amene wakwera kwambiri.

Shuga m'thumba

Zikumveka zododometsa, koma wodwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide asachoke pakhomo wopanda shuga m'thumba. Mankhwala awiriwa akakumana ndi ntchito yolemetsa angathe kutsitsa shuga mopitirira. Metformin payekha kawirikawiri satero. Ngozi yodziwika ndi ya mlimi amene wamwa mankhwala mbandakucha, nkupita kumunda m'mimba muli pululu, kuti akadya akaweruka. Idyani kaye, ngakhale phala kapena mbatata imodzi.

Zizindikiro zake banja lonse lizidziwe: kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzaoneni, mtima kugunda, chizungulire, kupsa mtima popanda chifukwa, kulankhula zosagwirizana. Anthu odutsa angamuyese woledzera nkumusiya pomwepo. Akadali wotha kumeza, mpatseni masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la botolo la Fanta. Dikirani mphindi 15. Ngati sakusintha bwerezani, ndipo akatsitsimuka adye chakudya chenicheni. Akakomoka musamuthire chilichonse kukamwa, angatsamwe. Mgonekeni chammbali, pakani shuga wonyowa pang'ono m'kati mwa tsaya, muthamangire naye kuchipatala.

Amene muli ndi kamakina koyezera: shuga wochepera 70 mg/dL, kapena 3.9 mmol/L, ndi wotsika, imwani shuga pompo. Akakhala pansi pa 100, kapena 5.6, idyani kaye musanayambe ntchito. Akapitirira 250, kapena 13.9, ndipo mukumva nseru, kusanza, kufooka kapena ludzu lalikulu, si tsiku loyenda limenelo, ndi la kuchipatala. Shuga angathenso kutsika usiku munthu atagwira ntchito yolemetsa masana, makamaka ngati wamwerapo masese kapena kachasu, poti mowa umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga wosungidwa. Tsiku lokwera njinga kapena loyenda ulendo, insulini bayani pamimba osati pantchafu, chifukwa mnofu wogwira ntchito umamukoka msanga. Ofuna kusala kudya, kaya pa Lenti kaya pa Ramadan, afunse kaye achipatala. Mwana wobaya insulini asaletsedwe mpira. Aphunzitsi ake angodziwitsidwa, ndipo m'chikwama mwake muzikhala masuwiti.

Mukamva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, befu wosazolowereka, kapena mdima m'maso muli mkati moyenda, imani, ndipo kaonaneni ndi achipatala musanayambirenso. Amene shuga adawawononga kale maso apewe kunyamula zolemera kwambiri ndi ntchito yoweramitsa mutu nthawi yaitali.

Mapazi ndi kuzizira kwa kuno

Shuga akakhalitsa amapha mitsempha ya m'mapazi. Munthu amayamba kumva dzanzi, kuyaka kapena kubayabaya usiku, kenaka samvanso kanthu. Akaponda munga kapena chisonga cha chimanga samva. Nsapato ikamutupitsa thuza samva. Ndipo poti magazi safika bwino kumapazi, kachilonda kakang'ono kamatha kunyeka mpaka mwendo kudulidwa. Kulangiza munthu wotere kuti aziyenda osamuuza za mapazi ndi kumuika m'mavuto.

Kuno ku Bembeke pali ngozi yoonjezera. M'mwezi wa Juni munthu akabwera koyenda mapazi ali zii, chomwe amafuna ndi kuwayandikiza ku mbaula kapena kuwaviika m'madzi otentha. Phazi la dzanzi limapsa mwini wake akucheza. Otherani moto m'manja, mapazi akhale patali, ndipo muwafunditse ndi masokosi. Madzi osamba ayeseni ndi chigongono, kapena wina akuyesereni. Botolo la madzi otentha kapena njerwa yootcha zisalowe m'bulangete.

Osayenda wopanda nsapato, ngakhale pabwalo pokha. Mapatapata sateteza zala. Nsapato yabwino ndi yotseka, yofewa, yosathina, yovala ndi masokosi. Musanaivale igwedezeni ndi kupisamo dzanja, mwina mwalowa kamwala. Majombo a kudimba amasunga chinyezi, choncho mukaweruka vulani, sambitsani mapazi, pukutani bwino makamaka pakati pa zala, dzolani mafuta pazidendene kuti zisang'ambike koma pakati pa zala ayi. Madzulo aliwonse mapazi aonedwe pansi ndi pamwamba pomwe. Wa thupi lalikulu kapena wa maso ofooka sangathe kuona kuphazi kwake, ndiye ntchito imeneyi apatsidwe munthu mmodzi wodziwika pakhomo, kaya mkazi, mwamuna kapena mdzukulu wamkulu. Zikhadabo wengani mowongoka, ndipo lezala lisakhudze chikundu kapena thuza.

Chilonda chikapezeka, kuyenda kuime mpaka chipole. Minofu isagone nayo: mutakhala pampando mutha kukweza zigubu ndi manja, kutambasula miyendo, kupukusa chimanga. Musathiremo mankhwala azitsamba, phulusa kapena makapisozi otsegula, ndipo musadikire tsiku lanu la kiliniki. Pitani nacho kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Musanayambe zonsezi, kayezetseni shuga ndi BP kuchipatala chapafupi kapena ku chipatala cha boma ku Dedza, makamaka ngati mwapitirira zaka 40, chingwe chija sichikukumana, kapena kubanja kwanu alipo wodwala shuga. Mukayamba, lembani m'kope mphindi zomwe mwayenda ndi tsiku lililonse lomwe munanjenjemera, ndipo kopelo lizipita limodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Munthu akamayenda mokhulupirika mankhwala ake angafunike kuchepetsedwa, koma wochepetsa akhale dokotala ataona zomwe mwalemba. Musasiye kapena kuchepetsa mankhwala panokha chifukwa choti mukupeza bwino.